Nthano yanga ya mayi ndi mwana ku Joni ikuzizira: kodi ndiikemo mfuti?

"Ndine Nachisale, ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Ndikulemba nthano yaitali pa foni, m'taxi ndi usiku ndikaweruka. Ndi nkhani ya mayi amene anasiya mwana wake wamkazi wa zaka 6 kwa agogo ake ku Ntcheu n'kubwera ku Joni. Zaka ziwiri zoyambirira ankatumiza ndalama ndi katundu, kenako zii. Mwanayo atakwanitsa zaka 23 akukwera basi kudzawafuna, n'kupeza kuti ali moyo koma akudziwika ndi dzina lina, ali ndi mapepala a munthu wina, ndipo akumukana pamaso pa anthu. Ndikufuna buku loti munthu akaliyamba asagone. Mnzanga wawerenga mitu 6 ndipo wati ikuzizira, ndiikemo mfuti, atsotsi ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Chinanso, mbali ina ya nkhaniyi ndi ya ine ndi mayi anga enieni, amene ali moyo ndipo sakudziwa kuti ndikulemba. Kodi ndipitirize? Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Palinso munthu wina akuti ndimupatse ndalama andisindikizire."

Pitirizani, achemwali. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza zolemba za anthu ndaona kuti chimene ambiri chimawasowa ndi nkhani yeniyeniyo, ndipo inu muli nayo. Mwana amene wawoloka malire a mayiko atatu kudzafuna mayi ake n'kukanidwa pagulu, ameneyo wowerenga amutsatira mpaka tsamba lomaliza. Mnzanuyo ayenera kuti sakunama kuti mitu yanu ikuzizira, chifukwa wowerenga amadziwa pamene watopa. Kungoti mankhwala amene wakupatsani si a matenda anu. Mfuti ikalira wowerenga amadzidzimuka kamphindi, n'kubwerera kutulo kwake komwe. Chimene chimamulanda tulo ndi kudera nkhawa munthu amene wamukonda, akuona ngozi ikumuyandikira.

Mitu yanuyo sindinaione, koma nthano za mtundu uwu zikazizira chifukwa chake chimakhala chimodzimodzi kawirikawiri: wolemba amawakonda ampangankhani ake onse awiri moti amafulumira kuwayanjanitsa ndi wowerenga. Mutu wachiwiri usanathe watiuza kale kuti mayi anavutika, kuti sanachite dala, kuti amalira usiku. Basi, palibenso choopa. Nthumanzi ili ngati nyemba pamoto, imafuna kuvundikira. Mukamavundukula pafupipafupi nthunzi imathawa ndipo sizipsa. Tilekeni tiziwakayikira mayiwo kwa nthawi yaitali. Mutu wina tiganize kuti ndi mayi wouma mtima, mutu wotsatira tione kanthu kakang'ono kotisokoneza maganizo.

Taonani chimene muli nacho kale m'manja. Ngati mayiyo akuyendera chiphaso cha munthu wina, ndiye kuti mwana wake ndi umboni woyenda ndi miyendo. Nkhope yofanana ndi yawo, kayendedwe, mpata wa m'mano, Chichewa chimene chikumutuluka mosaganiza, zonsezi zikhoza kugwetsa moyo umene mayiyo wamanga kwa zaka 15. Mtsikanayo akangoitana kuti "amayi" pamene pali makutu olakwika, wawamangitsa. Choncho chilichonse chimene akuchita chifukwa cha chikondi chikuwayandikizitsa kundende, ndipo chilichonse chimene iwo akuchita pomuteteza chikuoneka ngati nkhanza. Buku lanu lonse lagona pamenepo. Atsotsi sangakupatseni china choposa ichi.

Ndikupatseni chitsanzo cha mmene kukumana koyamba kungaonekere. Tinene kuti mayiyo amagulitsa pa msika wa Yeoville, mu Rockey Street. Mtsikana uja waima pa benchi lawo, wazindikira chipsera cha phala pa dzanja lamanzere, chimene agogo ake ankamusimbira. Akulonjera m'Chichewa. Mayi akuyankha m'Chizulu, maso ali pa tomato, n'kumutchula kuti sisi ngati kasitomala wina aliyense. Akumuyezera usipa, akumanga jumbo, mfundo ikukana kawiri chifukwa zala zikunjenjemera. Popereka tchenji akuiwala, akupereka ndi dzanja lamanja lina litagwira pachigongono monga amachitira kumudzi, ndipo mayi wa benchi loyandikana waona. Mtsikanayo pofika kuchipinda chimene akugona akupeza kuti m'jumbomo muli basera wochuluka kuposa zimene wagula, ndi kapepala kolembedwa nthawi yokha, popanda dzina kapena malo. Palibe wakuwa, palibe mpeni, koma wowerenga akufuna adziwe zinthu zitatu nthawi imodzi: malowo ndi ati, woyandikana uja auza ndani, ndipo kapepalako n'kachikondi kapena ndi msampha.

Chachiwiri chimene nthano yotere imafuna ndi nthawi yothamangitsa, ndipo Joni amakupatsani ulere. Mmalawi wolowa ku South Africa ndi pasipoti wamba amadindiridwa masiku osapitirira 30. Akapitiriza masikuwo, potuluka amaletsedwa kulowanso. Akapitiriza ndi masiku oposa 30, chiletsocho chimafika zaka 5. Akagwidwa m'kati mwa dziko alibe mapepala, njira yake ndi ya ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Mpatseni mtsikana wanu masiku 30 amenewo ndipo mutu uliwonse uziyamba tikudziwa kuti atsala angati. Pa tsiku la 28 akhale ndi chisankho chowawa: kukwera basi pa Park Station asanamve zoona, kapena kutsala n'kusanduka munthu wobisala ngati mayi ake omwe. Apa m'pamene mwana amayamba kumvetsa mayi ake popanda wina kumulalikira.

Ulendo wa basi musautaye, koma musaupatse mitu isanu. Olemba ambiri oyamba amatiyendetsa kuchokera pa Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Musina, mpaka wowerenga amafika ku Johannesburg atatopa ngati wakweradi basiyo. Sankhani malo amodzi pamene pachitike kanthu kokhudza mayiwo, mwina pa mzere wa Beitbridge pamene munthu wina akuyang'ana chithunzi chimene mtsikanayo wanyamula n'kusintha nkhope. Zinazo zidutse m'ndime imodzi.

Tsopano funso limene muyenera kuliyankha musanalembe mutu wachisanu ndi chiwiri: n'chifukwa chiyani ndalama zinasiya kubwera? Tawerengani zaka. Ngati mtsikanayo anabadwa mu 2000, anasiyidwa mu 2006 ndipo akufika ku Joni mu 2023. Zaka ziwiri zotumiza katundu zikutha mu 2008, ndipo mu May chaka chimenecho ziwawa zosaka anthu obwera zinabuka ku Alexandra n'kufalikira m'madera ena, anthu 62 anaphedwa ndipo zikwizikwi anathawa m'nyumba zawo. Mayi amene nyumba yake inatenthedwa usiku umenewo, amene anabisidwa ndi mnzake wa kuno, amene anatuluka m'chipwirikiticho ali ndi chiphaso cha munthu amene sanatuluke, ali ndi chifukwa chomveka chosinthira dzina komanso chinsinsi cholemera. Kodi mwini chiphasoyo anafa bwanji? Kodi abale ake akumufunabe? Simukukakamizidwa kutenga njira imeneyi, koma chifukwa chanu chikhale cholemera chimodzimodzi, ndipo muchidziwe inu ngakhale wowerenga achimve kumapeto.

Mdani wa m'buku lanu musakamufune ku Hillbrow pakati pa anthu osawadziwa. Amene amaopsa kwambiri ndi wodziwa mbali zonse ziwiri. Ganizirani za transipota, munthu uja amanyamula katundu ndi mauthenga pakati pa Joni ndi kumudzi, amene amalandiridwa ndi nkhuku kwa agogo ndipo amadya nsima kwa mayi ku Yeoville. Bwanji ngati mayiyo sanasiye kutumiza? Bwanji ngati zaka zonsezi wakhala akupereka ndalama za fizi kwa munthu amene kumudzi ananena kuti anamwalira, kunoko n'kumanena kuti mwana akuphunzira bwino koma sakufuna kumva za mayi ake? Ndiye ganiziraninso za kumudzi. Ngati banjalo ndi lachikamwini, munda umayenda m'mbumba ya mayi, ndipo malume, mwini mbumba, ndi amene ali ndi mawu. Ngati maliro analiridwa popanda mtembo ndipo munda unagawidwa, pali anthu amene zikuwayendera bwino mayiyo akakhala wakufa. Foni yochokera kwa malume yofunsa mokoma kuti "wawapeza?" ikhoza kuzizitsa thupi la wowerenga kuposa mfuti khumi. Mfuti imodzi ikhoza kukhalamo ndithu, bola tiione msanga, tidziwe mwini wake, ndipo tizidikira tsiku limene idzatulutsidwe.

Pali chinanso chimene chimandipangitsa kukana malangizo a mnzanuyo. Anthu obwera ku South Africa amanenedwa kale tsiku ndi tsiku kuti ndi amene abweretsa umbanda ndi mankhwala ozunguza bongo. Sindikufuna buku lolembedwa ndi mwana wa ku Ntcheu likathirire umboni bodza limeneli chifukwa chongofuna kutenthetsa mutu wachinayi. Chimodzimodzinso musapange eni dziko onse kukhala adani. Mayi wa Chizulu kapena wa Chisotho amene anabisa mnzake pansi pa bedi mu 2008 n'kusunga chinsinsicho mpaka lero akhoza kukhala mpangankhani amene owerenga adzamukumbukire kwambiri.

Nkhani yanu ili ndi mizu yakuya kuposa mmene mukuganizira. Kuyambira kale amuna a kwathu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, kenako ku Teba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo ena sanabwerere, anatchona. Mu April 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi kwa kanthawi. Agogo a mtsikana wanu akhoza kukhala mmodzi mwa akazi amene anadikira mwamuna wa ku Joni mpaka kukalamba, kenako Joni yemweyo n'kuwatengeranso mwana wamkazi, tsopano mdzukulu akumanga chikwama. Kale otchona anali amuna ndipo anthu ankangoti ndi mmene amuna alili. Mkazi akatchona mudzi sumukhululukira. Kusiyana kumeneku kuikeni m'kamwa mwa ampangankhani, kuzimveka pa chitsime ndi pa maliro, musakulembe ngati phunziro.

Mwina mudzakopeka kugwiritsa ntchito moto wa pa 31 August 2023, umene unapsereza nyumba ya Usindiso ku Marshalltown n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Chaka chake chikugwirizana ndi nthano yanu. Langizo langa n'lakuti ngati mukufuna moto, pekani nyumba yanuyanu ndi dzina lanulanu. Mabanja amene anataya abale pamenepo adakalira, ndipo ena a iwo ndi amene adzawerenge buku lanu.

Za mfotokozankhani: yesani kusinthanitsa mitu, wina wa mwana, wina wa mayi. Ubwino wake ndi woti wowerenga amadziwa zimene mtsikanayo sakudziwa, ndipo amamuona akulowa pakhomo limene iye akudziwa kuti kuseri kwake kuli ngozi. Kuopsa kwake ndi kubera wowerenga. Ngati tili m'mutu mwa mayi kwa masamba 100 ndipo sanaganizepo za usiku wa 2008, kenako n'kutulukira pa mapeto, wowerenga adzamva kuti mwamupusitsa. Maganizo a mayiyo azifika pafupi ndi usikuwo n'kubwerera, monga munthu amachitiradi ndi chinthu chimene sakufuna kukumbukira. Ndipo pampondachimera, chisankho chachikulu chikhale cha awiriwo. Wapolisi kapena mbusa wotulukira mwadzidzidzi kudzakonza zinthu amalanda nkhani kwa eni ake. Sizofunika kuti akumbatirane. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma buku lanu lili ndi ufulu wofunsa ngati zimenezi n'zoona kwa mwana amene anakula akuuzidwa kuti ndi wamasiye.

Tsopano za mayi anu enieni, zimene kwa ine ndi zolemera kuposa zonse mwafunsazi. Kulemba zochokera m'moyo wanu si kulakwa, olemba ambiri amatunga pa chitsime chimenecho. Polemba koyamba lembani zonse mosadziletsa, chifukwa palibe akuona. Koma musanaonetse anthu ambiri, talikitsani nkhaniyo ndi mwini wake. Kusintha dzina lokha sikukwanira. Sinthani boma lochokera, ntchito, chiwerengero cha ana, mpingo, zaka, zipsera za pathupi, dera limene amakhala. Munthu akazindikirika m'buku ngakhale dzina lili lina, ndipo mwamunenera chinthu choipitsa mbiri yake, akhoza kukusumirani, ndipo izi zikukhudzanso abwana anu a ku Randburg ndi malume aliyense amene angadzione m'masambamo.

Ngati mbali yoona ndi ya mapepala, imani kaye. Kugwiritsa ntchito chiphaso cha munthu wina ndi mlandu ku South Africa, ndipo buku, kapena mutu umodzi woikidwa pa Facebook, ukhoza kufika kwa munthu amene ali ndi chifukwa chokanenera ku Home Affairs, nthambi ya boma yoona za ziphaso ndi anthu olowa m'dziko. Zikatero mudzakhala mwachita m'moyo chimene mtsikana wanu akuopa kuchita m'nthano. Musanatulutse kalikonse kaonaneni ndi loya. Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi ku Braamfontein ndipo amathandiza anthu obwera pa nkhani za mapepala. Palinso Wits Law Clinic ndi Legal Aid South Africa. Mukapita, fotokozani nkhaniyo popanda kutchula dzina la mayi anu mpaka mutatsimikiza kuti zimene mukunena zisungidwa mwachinsinsi.

Kodi muwauze mayi anu? Ine ndimati inde, koma osati lero. Malizani kaye kulemba koyamba, chifukwa mukawauza nkhani ili pakati mudzayamba kulemba mowaopa kapena mowabwezera, ndipo zonse ziwiri zimapha buku. Mukamaliza, asadzamve kwa amayi a kumpingo kuti mwana wanu wakulembani m'buku. Khalani nawo pansi, kapena ngati pakati panu pali pouma, tumani mayi aang'ono kapena munthu wamkulu amene onse mumamulemekeza. Dzifunseninso moona mtima ngati mukulemba bukuli kuti lifunse funso limene inu mukuopa kuwafunsa pamaso. Ngati ndi choncho, dziwani kuti buku silidzakuyankhani. Yankho lili kwa iwo, ndipo adakali moyo.

Kulemba zinthu zotere kumavundula za pansi. Kulira polemba n'kwachibadwa. Koma ngati mwayamba kusowa tulo kwa masabata, kulota zoopsa mobwerezabwereza, kulephera kugwira ntchito, kapena kuganiza zodzivulaza, siyani kaye kulembako ndipo lankhulani ndi munthu wodziwa uphungu. SADAG ndi LifeLine amalandira mafoni a anthu ovutika maganizo, ndipo ku kiliniki ya boma akhoza kukutumizani kwa mlangizi. Ngati zimene zikutuluka ndi nkhanza zimene munachitiridwa inuyo, bungwe la POWA kuno ku Johannesburg limathandiza akazi pa zimenezo.

Chilankhulo: lembani m'Chichewa. Mkangano wa mayi ndi mwana wake umachitikira m'chilankhulo chimene anayamwitsirana, ndipo ulemu, mwano ndi kuzemba kwa mawu kumene nkhani yanu yadalira mumakudziwa bwino m'Chichewa. Chizulu ndi Chingerezi zizilowa pang'ono m'zokambirana, monga zimamvekera mu taxi ya pa Bree, m'njira yoti wowerenga wa ku Kasungu amve tanthauzo kuchokera pa zimene zikuchitika. Sindikubisirani kuti msika wa mabuku a Chichewa umadalira kwambiri mabuku a kusukulu, ndipo nthano yongosangalatsa akuluakulu imavuta kugulitsa. Komabe owerenga alipo, ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia, ku Tete, ndi kuno komwe m'zipinda za ku Turffontein ndi Mayfair. Buku likakhala labwino likhoza kumasuliridwa m'Chingerezi pambuyo pake.

Uyo wofuna ndalama musamupatse kalikonse panopa, buku silinathe. Dziwani kusiyana kwake: kampani yosindikiza mabuku yeniyeni imasankha buku, kulikonza, kulisindikiza ndi ndalama zake n'kumakupatsani gawo la zogulitsa, pamene wosindikiza amene mumamulipira amangokupangirani makope, kugulitsa kumatsala kwa inu. Njira yachiwiriyi si yoipa, bola mudziwe chimene mukugula. Muuzeni akuonetseni mabuku amene anatulutsapo, muwagwire m'manja, mulankhule ndi olemba ake, ndipo pakhale mgwirizano wolembedwa wonena makope angati, mtengo wake, tsiku, komanso kuti umwini wa nkhaniyo ukutsala kwa inu. Umwiniwo mumakhala nawo kuchokera pamene mwalemba, malinga ndi lamulo la South Africa la 1978, popanda kulembetsa kulikonse. Ku Malawi kuli lamulo la 2016 ndi bungwe la COSOMA loteteza umwini wa zolemba ndi nyimbo, ndipo Malawi Writers Union ikhoza kukulumikizani ndi olemba anzanu ndi akonzi a Chichewa.

Popeza mukulembera pa foni, mutu uliwonse mukaumaliza dzitumizireni pa imelo tsiku lomwelo. Foni imabedwa pa renki ya Noord m'kuphethira kwa diso. Mitu 6 ija musaitaye. Pezani tsamba limene mtsikanayo akuona mayi ake koyamba ndipo mulikokere kutsogolo, lisapitirire mutu wachiwiri. Za ubwana wake ku Ntcheu muzimwaze pang'onopang'ono m'mitu yotsatira. Kenako tengani pepala, lembani masiku 1 mpaka 30, ndipo pa tsiku lililonse lofunika mulembe chimene mwana wadziwa, chimene mayi wabisa, ndi amene wawaona. Mukakonzanso mitu itatu yoyamba ipatseni anthu awiri osadziwa banja lanu, ndipo musawafunse ngati yawasangalatsa, chifukwa adzakuyankhani mwaulemu. Afunseni tsamba limene anaikira foni pansi n'kukachita zina.